Bwalo la Kamuzu la mu mzinda wa Blantyre: mbiri yake ndi mmene lasinthira

Ngati mumamvera mpira pa wailesi za ku Malawi, dzina lakuti Kamuzu Stadium munalimvapo. Kuno ku Maniamba, ku Metangula ndi ku Cóbuè alipo anthu ambiri amene amasapota Bullets kapena Wanderers, ngakhale sanapondepo mu mzinda wa Blantyre. Matimu awiriwa kwawo kweni-kweni ndi pa bwalo limeneli. Lili tsidya lina la malire, koma mbiri yake ikutikhudza, ndipo muona kuti ikufanana kwambiri ndi mbiri ya mabwalo a dziko lathu la Mozambique.

Tiyambe ndi liwu lakuti sitediyamu. Pa Cipwitikizi amati estádio. Ndi bwalo la masewera lalikulu, lozunguliridwa ndi mpanda, lokhala ndi zipata zolowera ndi masitepe amene anthu amakhalapo poonerera. Likusiyana ndi kampu ya pa sukulu kapena ya kumudzi, pamene oonerera amangoima m'mbali mwa mzere. Pa kampu ya kumudzi cofunika ndi kulambula ndi kuimika mitengo ya magoli basi. Sitediyamu ndi nyumba. Ili ndi maziko, makoma, denga, zimbudzi ndi magetsi, ndipo imakalamba monga mmene nyumba iliyonse imakalambira.

Pamene lili ndi mmene linayambira

Mzinda wa Blantyre unayamba m'caka ca 1876, pamene amishoni a ku Scotland anamanga mishoni yawo kumeneko. Anaupatsa dzina la mudzi umene David Livingstone anabadwira. Pambuyo pake, makilomita ocepa cakum'mawa, panakula tauni ina ya Limbe, kumene kunali likulu la njanji ndi malonda a fodya. M'caka ca 1956 matauni awiriwa anawaphatikiza pansi pa ulamuliro umodzi.

Pakati pa Blantyre ndi Limbe pali malo ochedwa Chichiri. Ndi pamene pali bwaloli, m'mbali mwa msewu waukulu umene lero umachedwa Masauko Chipembere Highway. Malowa anasankhidwa bwino. Munthu wocokera ku Limbe ndi wocokera ku Blantyre amakumana pakati, ndipo wa ku Ndirande amatha kufika wapansi. Pafupi pomwepo pali nyumba yosungira zinthu zakale, bwalo la cionetsero ca malonda ndi khoti lalikulu.

Bwaloli linamangidwa m'zaka za m'ma 1950, Malawi akadali Nyasaland, pansi pa Angerezi. Dzina lake loyamba linali Rangeley Stadium. William Rangeley anali mzungu wogwira nchito m'boma la atsamunda, ndipo anakhalapo mkulu woyang'anira cigawo ca kum'mwera. Ankakondanso kufufuza ndi kulemba mbiri ya mitundu ya anthu, ndipo analemba za Ayao, amene ciyambi cawo cili kuno ku Niassa. Anamwalira m'caka ca 1958. Nthawi imeneyo bwaloli linali laling'ono poyerekeza ndi mmene linadzakhalira, pakuti nawonso mzinda unali waung'ono.

Usiku wa mbendera

Tsiku limene linakweza bwaloli ndi la ufulu wa Malawi. Panthawiyo linkachedwa Central Stadium. Madzulo a pa 5 Julayi 1964 anthu pafupifupi 40,000 anadzaza pamenepo. Mfumukazi Elizabeth ya ku Britain sinabwere yokha, inatuma mwamuna wake, Prince Philip. Analiponso Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anali nduna yaikulu. Nthawi itakwana 12 koloko usiku, anatsitsa mbendera ya Britain, nakweza ina yakuda, yofiira ndi yobiriwira, yokhala ndi dzuwa lotuluka. Kutaca pa 6 Julayi, dzina la Nyasaland linali litatha.

Akulu-akulu a kuno caka ca 1964 amacikumbuka pa cifukwa cina. Patangopita miyezi iwiri ndi theka, mu Seputembala, nkhondo yomenyera ufulu inayamba m'dziko lathu, ndipo dera lathu la Lago linali m'gulu la malo oyamba kumva mfuti. Mabanja ambiri anawolokera ku Likoma ndi ku Malawi, ena ku Tanzania. Ife tinadikira zaka 11 kuti tione usiku wonga umenewo.

Nanga usiku wathuwo unacitikira kuti? Unacitikiranso pa bwalo la mpira. Pa 25 Juni 1975, pakati pa usiku, mvula ikugwa, Samora Machel analengeza ufulu wa Mozambique pa bwalo la Machava, pafupi ndi Maputo. Nalonso linamangidwa ndi atsamunda. Linatsegulidwa pa 30 Juni 1968 ndi masewera a Portugal ndi Brazil, ndipo dzina lake loyamba linali la Salazar, wolamulira wa ku Portugal. Mwaona kufanana kwake? M'maiko onse awiri, bwalo limene atsamunda anamanga ndi kulicha dzina la munthu wawo ndi lomwe anatsitsirapo mbendera yawo. Cifukwa cake ncosavuta. Mu mzinda monse munalibe malo ena otchingidwa okwana anthu zikwi makumi anayi.

Nthawi ya Kamuzu

Malawi atakhala ripabuliki m'caka ca 1966, Dr Banda anakhala pulezidenti, ndipo bwalo linatenga dzina lake. M'zaka zimenezo ndi pamene analikuza. Anamanga masitepe aatali a konkire kuzungulira bwalo, ndi mbali ina yofolera ya akulu-akulu. Masitepe ambiri amene alipo lero ndi a nthawi yomweyo. Werengani nokha zaka zake: zapitirira 50.

Pa ulamuliro wa Kamuzu bwaloli silinali la mpira wokha. Zikondwerero zazikulu za dziko zinkacitikira pamenepo, monga ca ufulu pa 6 Julayi ndi Kamuzu Day pa 14 Meyi. Asilikali ndi apolisi ankaguba. Acinyamata a Malawi Young Pioneers ankaonetsa masewera olimbitsa thupi. Magule a m'zigawo zonse ankabwera: ingoma, beni, cioda, gule wamkulu, ndi malipenga amene ifenso a m'mbali mwa nyanja timawadziwa. Amayi a cipani, amene ankachedwa mbumba za Kamuzu, ankavala nsalu zokhala ndi nkhope yake, nkumuimbira ndi kuvina momuzungulira.

Amene anaona zimenezi amakamba kuti zinali zokongola, ndipo sindikutsutsa. Koma tinene zonse. Dziko linali la cipani cimodzi. Anthu ankakakamizidwa kugula khadi la cipani, amayi ankatengedwa pa malole kusiya mabanja ndi minda, ndipo ana a sukulu ankatha masiku ambiri akukonzekera zionetsero m'malo mophunzira. Kukana kunali koopsa. Bwalo likadzaza, si onse amene anabwera mwa kufuna kwawo.

Pa mpira pokha ndi pamene anthu ankabwera okha, ndi ndalama zawo. Timu ya Wanderers inayamba m'caka ca 1962, ndipo poyamba inkachedwa Portuguese Wanderers cifukwa ca Apwitikizi okhala mu Blantyre amene anali nawo poiyambitsa. Bullets inayamba mu 1967. Wanderers imavala zobiriwira ngati mtambo ndi zoyera, ndipo anthu amaicha Manoma. Bullets imavala zofiira ndi zoyera, ndipo amaicha Maule. Zikakumana ziwirizi, mzinda umagawikana pakati, ngakhale m'nyumba imodzi. Masitepe ena osafolera a pa bwaloli ali ndi dzina lawo, amati ku Biafra. Kumeneko ndi kumene kumakhala phokoso, ng'oma ndi nyimbo.

Nayonso timu ya dziko la Malawi inali yamphamvu zaka zimenezo. M'caka ca 1978 mpikisano wa maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa unacitikira ku Malawi, ndipo eni nthaka anatenga cikho atagonjetsa Zambia 3-2. Caka cotsatira anacitenganso ku Kenya. Womwetsa zigoli wochuka wa nthawi imeneyo anali Kinnah Phiri wa Bullets. Dzinali mulisunge, tikumana nalonso.

Maina anayi, bwalo limodzi

M'caka ca 1993 Amalawi anavota kuti akufuna zipani zambiri, ndipo pa cisankho ca mu Meyi 1994 Bakili Muluzi anapambana. Analumbirira pa bwalo lomweli. Boma lake linacotsa dzina la Kamuzu pa zinthu zambiri, ndipo bwalo linayamba kuchedwa Chichiri Stadium, kutengera malo amene lili. Patapita zaka khumi, mu 2004, Bingu wa Mutharika atalowa m'boma anabwezera dzina la Kamuzu.

Ndiye pali Rangeley, Central, Kamuzu, Chichiri, kenako Kamuzu kaciwiri. Mukamawerenga buku kapena nyuzi yakale, musasokonezeke. Maina onsewa ndi a malo amodzi.

Ine ndimaona kuti dzina la Chichiri linali labwino, pakuti dzina la malo silikwiyitsa munthu ndipo silisintha boma likasintha. Ku Maputo anacita comweco pocotsa dzina la Salazar nkuika la Machava, ndipo lakhala mpaka lero. Koma Amalawi ambiri dzina la Kamuzu analizolowera, ena sanasiye nkomwe kulichula. Cimene muyenera kuzindikira ndi ici: kusintha dzina kumafuna penti ndi cikwangwani basi, pamene kukonza masitepe kumafuna ndalama zambiri. Maboma anafulumira pa coyambaco kuposa pa caciwirico.

Masiku amene bwalo linagwedezeka

Caka ca 2008 ndi cosaiwalika kwa okonda mpira ku Malawi. Kinnah Phiri uja anali atakhala mphunzitsi wa timu ya dziko, imene amaicha Flames, ndiko kuti malawi a moto. Kumapeto kwa Meyi anagonjetsa Djibouti 8-1 pa bwalo la Kamuzu. Pa 14 Juni kunabwera Egypt. Imeneyi inali timu yoopsa, itangotenga kumene cikho ca Africa kawiri kotsatizana, mu 2006 ndi mu 2008. Mphindi 90 zinatha popanda cigoli. M'nthawi yoonjezera, anthu ena atayamba kale kutuluka, Chiukepo Msowoya anagoletsa. Malawi 1, Egypt 0.

Pa 10 Okutobala 2009 kunabwera Ivory Coast ndi katswiri wawo Didier Drogba. Jacob Ngwira anagoletsa, koma patangopita mphindi zocepa Drogba anabweza, masewera nkutha 1-1. Flames inapita ku mpikisano wa cikho ca Africa ku Angola mu 2010, koyamba cipitire mu 1984.

Masewera amenewa ankaseweredwa pa kapinga wacilendo. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, bungwe loyendetsa mpira pa dziko lonse, FIFA, linathandiza kucotsa udzu weni-weni nkuika kapinga wa pulasitiki. Mwina simunamuonepo. Ali ngati mkeka waukulu wokhala ndi timaudzu ta pulasitiki tobiriwira. Pansi pake amayala miyala yophwanya kuti madzi a mvula azitsika, ndipo pakati pa timaudzuto amathira mcenga ndi timibulu ta labala kuti pakhale pofewa. Bwalo la masewera a maiko limakhala la mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi, ndiye mkekawo ndi waukulu ndithu.

Ubwino wake ndi wakuti safuna kuthirira kapena kumweta, sacita matope m'dzinja, ndipo matimu angapo angathe kuseweretsa sabata yomweyo. Pa bwalo lotanganidwa ngati la Kamuzu, udzu weni-weni sunkapeza mpata wophuka. Koma kapinga wa pulasitiki amatentha kwambiri dzuwa likaomba, ndipo sakhala mpaka kale. Pakapita zaka pafupifupi 8 kapena 10 timaudzu timagona, labala amacoka, pansi pamauma gwa. Wosewera akagwa amasupuka, ndipo mawondo ndi akakolo zimavulala msanga. Ndi zimene zinacitika ku Blantyre. Mu 2017 bwalo linatsekedwa kuti aike kapinga watsopano, ndipo linatsegulidwanso mu 2018. Caka ca 2017 cimeneco Wanderers inkalandirira alendo ake ku Balaka, ulendo wa maola awiri kucokera kwawo, koma inatengabe ligi.

Konkire imakalamba

Vuto lalikulu silinali pansi posewerera. Linali pamene anthu amakhala.

Ambiri timaganiza kuti cinthu ca simenti sicingaonongeke. Si zoona. Mkati mwa masitepe ndi mizati ya konkire mumakhala zitsulo zimene zimagwira nyumba kuti isathyoke. Pakapita zaka, konkire imacita timing'alu. Madzi a mvula amalowa m'timing'aluto nkufika pa citsulo. Citsulo cimacita dzimbiri, ndipo dzimbiri limatupa, nkukankha konkire kucokera mkati mpaka zidutswa kuyamba kugwa. Citsuloco cimaonda, mphamvu yake nkucepa. Kunja masitepe amaoneka bwino-bwino, makamaka akawapaka penti. Ndiye ganizani anthu zikwi-zikwi atakhala pamenepo, cigoli nkulowa, onse nkudumpha nthawi imodzi.

Inu amene munamangapo nyumba ya njerwa kapena munaona mlatho wakale, zimenezi mukuzidziwa. Mng'alu waung'ono ukamatidwa msanga umadya thumba limodzi la simenti. Ukasiyidwa zaka khumi umagwetsa khoma.

M'caka ca 2012 akatswiri a zomanga-manga atayeza masitepe a bwalo la Kamuzu anapeza kuti ena ndi oopsa. Boma, lomwe ndi mwini bwalo, linalitseka kwa kanthawi. Litatsegulidwa, mbali zina za masitepe, makamaka za pamwamba, anazichinga kuti munthu asakhalepo. Kucokera nthawi imeneyo ciwerengero ca anthu ololedwa kulowa cakhala cikutsika, mpaka kufika pansi pa theka la anthu amene ankalowa kale. Mzinda wakula, anthu acuruka, koma bwalo lacepa.

Anthu ena amadandaula akaona masitepe opanda munthu pamene iwo akubwezedwa pa cipata ali ndi ndalama m'manja. Kudandaulako nkomveka, komanso matimu amataya ndalama, pakuti amadalira za pa cipata polipira osewera. Koma pa nkhani iyi ine ndili mbali ya akatswiriwo. Masitepe akagwa sacenjeza.

Bwalo latsopano ku Lilongwe

Likulu la Malawi linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, koma kwa zaka zambiri bwalo lalikulu la dziko linali la ku Blantyre lomweli. Zinasintha mu Januwale 2017, pamene anatsegula Bingu National Stadium ku Lilongwe. Linamangidwa ndi kampani ya ku China, ndi ngongole yocokera ku China komweko, ndipo muli mipando pafupifupi 41,000. Nafenso tinayenda njira yomweyo: bwalo la Zimpeto ku Maputo, la mipando 42,000, linamangidwa ndi a ku China, nkutsegulidwa mu 2011, ndipo linatenga malo a Machava.

Musaganize kuti bwalo likakhala latsopano ndiye kuti ngozi yatha. Pa 6 Julayi 2017, tsiku la ufulu, anthu ambiri anasonkhana kunja kwa bwalo la Bingu kuti akaonere mpira wa Bullets ndi Silver Strikers. Kulowa kunali kwaulere. Zipata zinacedwa kutsegulidwa, anthu anayamba kukankhana, ndipo anthu 8 anafa, ambiri mwa iwo ana. Konkire inali yatsopano, mipando yatsopano. Cimene cinalakwika ndi kayendetsedwe ka anthu pa cipata. Bwalo labwino limafuna zipata zambiri, zotsegulidwa nthawi yabwino, ndi anthu ophunzitsidwa kulondolera gulu.

Pamene Malawi ndi Mozambique zinasowa posewerera

Bungwe loyendetsa mpira mu Africa limachedwa CAF. Lili ndi malamulo a mmene bwalo la masewera a maiko liyenera kukhalira. Woonerera aliyense akhale ndi mpando wake. Pakhale magetsi owala mokwanira kuti kanema ajambule bwino. Pakhale zipinda zabwino zovalira osewera ndi oyimbira, cipinda ca cithandizo ca mankhwala, zimbudzi zokwanira, malo a atolankhani, ndi njira zotulukira msanga pakagwa ngozi. Kale CAF inkalekerera. Mu 2021 inalimbitsa malamulowo, ndipo mabwalo a maiko ambiri analephera.

Pa 29 Malici 2021 Malawi inagonjetsa Uganda 1-0 pa bwalo la Kamuzu, Richard Mbulu ndiye anagoletsa, ndipo inapeza mwayi wopita ku cikho ca Africa ku Cameroon. Patangopita miyezi yocepa, bwalo lomwelo linakanidwa. Nalo la Bingu panthawiyo silinavomerezedwe.

Tsono mverani izi. Caka cimeneco, pa masewera opitira ku cikho ca dziko lonse, Malawi ndi Mozambique zinali m'gulu limodzi. Masewera oyamba, amene Malawi inali mwini khomo, anacitika pa 7 Seputembala ku Orlando Stadium mu Johannesburg, ku South Africa. Malawi inapambana 1-0. Pofika nthawi yobwezera, nalo bwalo la Zimpeto linali litakanidwa, ngakhale linali ndi zaka khumi zokha. Mambas inalandirira Malawi pa 16 Novembala ku Cotonou, m'dziko la Benin, kumadzulo kwa Africa, ndipo inapambana 1-0.

Maiko awiri amene amamwa madzi a nyanja imodzi, amene anthu ake amakwatirana ndi kulankhula cinenero cimodzi, anakakumana koyamba ku South Africa, kaciwiri ku Benin. Maboma ndi mabungwe a mpira analipira ndege, mahotela ndi lendi ya mabwalo a eni ake. Wogulitsa mandasi, nzimbe ndi madzi kunja kwa bwalo sanapeze kanthu. Woyendetsa minibasi sanapeze kanthu. Pambuyo pake bwalo la Bingu ndi la Zimpeto anawakonza, nkuvomerezedwanso. Masewera aakulu a Flames tsopano amacitikira ku Lilongwe, ndipo bwalo la Kamuzu latsala la masewera a ligi ndi zikho za m'dziko.

Hockey pafupi ndi bwalo lakale

Pafupi ndi bwalo la Kamuzu pamangidwa bwalo lina laling'ono, la masewera ochedwa hockey. Osewera ake amakhala 11 mbali iliyonse ngati pa mpira, koma amamenya kampira kolimba ndi ndodo yopindika kumapeto. Mu Novembala 2023 bwaloli linalandira mpikisano wa makalabu a hockey a mu Africa. Ncodabwitsa eti? Bwalo lalikulu likukanidwa, laling'ono la pambali pake likulandira alendo a maiko ena.

Hockey ili mitundu itatu. Ya ku Blantyre ndi ya pa kapinga. M'dziko lathu yochuka ndi ya nsapato za timatayala, imene pa Cipwitikizi amati hóquei em patins, ndipo Mozambique inafika pa nambala 4 pa dziko lonse mu 2011 ku Argentina. Mtundu wacitatu umaseweredwa m'maiko ozizira monga Canada, Russia ndi Sweden, pa madzi oundana. Bwalo lake limakhala m'nyumba yofolera. Pansi pa simenti amayala mapaipi oyendamo madzi a mankhwala ozizira kwambiri, nkuwaza madzi pamwamba mpaka ataundana ngati a mu filiji. Osewera 6 mbali iliyonse amatsetsereka ndi nsapato zokhala ndi kacitsulo kunsi.

Ndachula zimenezi cifukwa nawonso a kumeneko anakumana ndi funso limene Blantyre ili nalo. Mu mzinda wa Montreal ku Canada munali nyumba yochuka ya hockey, dzina lake Forum, imene inatsegulidwa mu 1924. Anthu a mumzindamo ankailemekeza monga Amalawi amalemekezera bwalo la Kamuzu. Anaikuza kangapo, koma itakalamba ndi kucepa anamanga ina yatsopano, ndipo mu 1996 timu yawo ya Canadiens inasamuka. Nyumba yakaleyo sanaigwetse, anaisandutsa malo a mashopu ndi oonetsera kanema. Kusiyana kwake nkwakuti iwo anayamba amanga kaye yatsopano, kenako nkusamuka.

Ku Blantyre nkhani yogwetsa bwalo la Kamuzu nkumanga lina yakhala ikukambidwa kwa zaka zambiri. Cobvuta ndi ndalama, komanso funso lakuti Bullets ndi Wanderers zizikasewerera kuti pa zaka zomangazo. Cisankho ca 2019 cisanacitike, Peter Mutharika analonjeza kumangira matimu awiriwa bwalo lake-lake. Nchito inayamba, koma inaima panjira. Bungwe la mpira ku Malawi lili ndi bwalo lake ku Chiwembe, lochedwa Mpira Stadium, koma ndi laling'ono, silingakwane anthu a tsiku limene Maule ndi Manoma akumana. Motero bwalo lakale likugwirabe nchito. Pa 4 Okutobala 2025 Mutharika analumbiriranso pomwepo, monga anacitira mwambo wake wa mu 2014.

Ngati mukufuna kukaliona

Kucokera kuno ku Maniamba mumayamba mwakwera galimoto ya ku Lichinga, kenako ya ku Mandimba. Mukadinditsa pasipoti pa malire mumalowa ku Chiponde, mbali ya Malawi, nkutsika phiri kupita ku Mangochi. Kucokera pamenepo msewu umadutsa ku Liwonde ndi ku Zomba mpaka ku Limbe. Pa Limbe kwerani minibasi yopita ku Blantyre, muwauze kuti mutsika pa sitediyamu. Ndalama ya kumeneko ndi kwacha, ndiye metikali yanu musinthiretu.

Masewera a ligi amayamba masana, cha m'ma hafu pasiti 2. Ngati ndi tsiku la Bullets ndi Wanderers, fikani m'mawa zipata zisanadzaze, ndipo tikiti mugule kwa ogulitsa ovomerezeka, osati kwa munthu wokuitanani pa msewu. Musavale zofiira nkukakhala pakati pa ovala za Manoma. Mukakhala ndi mwana, mumugwire dzanja polowa ndi potuluka, ndipo masewera akatha dikirani pang'ono gulu liyambe lacepa. Mukaona masitepe ochingidwa ndi waya, opanda munthu, musalumphe wayayo ngakhale pamenepo pakuoneka kuti mpira ungaoneke bwino.